Nambala ya ku ofesi ikubisa umphawi wa ku Livingstonia

Pali anthu m'dziko muno amene sitiwatchula kawirikawiri koma amagamula za moyo wathu kuposa andale amene timawadzudzula tsiku ndi tsiku. Ndikunena akadaulo okonza mapulani a chitukuko, aja amakhala ku Capital Hill ndi m'maofesi a mabungwe othandiza ku Lilongwe. Iwowa ndiwo amalemba mndandanda wa madera oti athandizidwe msanga ndi oti ayambe adikira. Akafika pa dzina la Rumphi, chala chawo chimadumpha.

Mukawafunsa chifukwa, amakuonetsani nambala. Nambalayo imati kumeneko zinthu ziliko bwino.

Ine ndikuti nambalayo ikuwanamiza, ndipo iwo akudziwa kuti ikuwanamiza. Amene akuvutika ndi bodza limeneli ndi mabanja a ku Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe ndi m'midzi ya Aphoka yozungulira pamenepo.

Tiyambe ndi nambalayo. Kafukufuku wa moyo wa mabanja amene a National Statistical Office ku Zomba adachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti Amalawi 50.7 pa 100 alionse ndi osauka. Chigawo cha kumpoto chidaoneka chopepukirako, pafupifupi munthu mmodzi pa atatu. Wosauka pa kafukufukuyo anali munthu amene zonse zimene amadya ndi kugwiritsa ntchito pa chaka sizinkafika K165,879, kutanthauza pafupifupi K454 pa tsiku. Amene ankafika pa K500 pa tsiku adalembedwa kuti si wosauka.

Sindikunyoza anthu a ku Zomba. Ntchito yawo adaigwira, ndipo iwo eni amanena poyera malire a zimene apeza. Kafukufukuyo adafunsa mabanja opitirira pang'ono 11,000 m'dziko lonse la anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo adakonzedwa kuti apereke chithunzi cha boma lathunthu, osati cha mudzi kapena dera la mfumu imodzi. Choncho Livingstonia alibe nambala yakeyake. Adaponyedwa m'thumba limodzi ndi Rumphi Boma, ndi alimi a fodya a ku Bolero ndi m'dambo la Henga, ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja. Anthu 229,000 a boma lonselo apatsidwa nkhope imodzi.

Mlandu uli ndi inu amene mumatenga nambala imodziyo n'kugawira ndalama.

Kwerani ku Khondowe mudzaone nokha. Pamwamba paphiripo pali chipatala cha David Gordon Memorial chimene chidatsegulidwa mu 1911. Pali University of Livingstonia imene Sinodi ya Livingstonia idayambitsa mu 2003. Pali sukulu ya sekondale, pali sukulu ya ntchito zamanja, pali tchalitchi chachikulu ndi Stone House imene alendo amabwera kudzajambula. M'malo amenewa muli anamwino, aphunzitsi, azibusa ndi akalaliki amene amalandira malipiro mwezi ukatha. Ambiri mwa iwo kwawo si komweko. Nyumba zawo n'zanjerwa, magetsi alimo, madzi ali pampopi.

Tsopano tsikani pang'ono, mutsate kanjira kolowera m'midzi. Mupeza banja limene munda wake uli pamtsetse woti khasu limalowa munthu atapendekeka. Chimanga cha m'mundamo chimatha chaka chisanathe. Chinangwa ndi nthochi ndizo zimatseka mpata. Ndalama imabwera mwa apo ndi apo: mayi akasenza nkhuni kapena masamba kukagulitsa kwa ogwira ntchito ku mishoni, mnyamata akapeza ganyu yonyamula katundu wa ophunzira, bambo akaitanidwa kumgodi wa malasha.

Awa ndi maiko awiri okhala paphiri limodzi. Kuwaphatikiza n'kugawa pakati kuli ngati kupeza nkhokwe ziwiri, ina yodzaza ina yopanda kanthu, n'kulemba m'buku kuti mabanja onse awiri ali ndi chimanga cha theka la nkhokwe. Amene nkhokwe yake ilibe kanthu adzagonabe ndi njala, ndipo tsopano dzina lake lachotsedwa pamndandanda wa ofunika thandizo.

Kodi zimenezi simukuzidziwa? Mudaphunzira zowerengera mpaka kunja. Mukuzidziwa bwino lomwe.

Chinthu china chimene nambala yanu imabisa n'chachikulu kuposa ichi. Kafukufuku wa umphawi amayesa zimene banja ladya ndi kugwiritsa ntchito. Nambala yomalizayo sinena kuti ndalama idachokera kuti. Gogo amene akulera adzukulu anayi, mwana wake wa ku Mzuzu akamutumizira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, gogoyo n'kugula sopo, shuga ndi mafuta ophikira, m'buku amaoneka ngati munthu wopezako bwino. Mafunso okhudza ana amene ali kutali amafunsidwa ndithu, koma chimene chimafika patebulo la nduna ndi nambala imodzi ija.

Banja limene likudya chifukwa mwana wake ali ku Lilongwe kapena ku Joni silinatukuke. Likupuma ndi mapapo a munthu wina. Mwanayo akachotsedwa ntchito, akadwala, akakwatira n'kuyamba kusamala banja lake, kapena apolisi a ku South Africa akamugwira chifukwa cha mapepala, pakhomo paja moto umazima mwezi womwewo.

Ndipo ku Livingstonia khalidwe limeneli ndi lakale kwambiri. Mmishonale Robert Laws atasamutsira mishoni ku Khondowe mu 1894, kuchokera ku Bandawe, adamanga sukulu imene idasula akalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi othandiza madokotala. Ntchito zoti anthu amenewa agwire kwawo kunalibe. Adabalalika: ku Blantyre, ku Tanganyika, ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito ku Cape Town mu 1919, adaphunzira ku Livingstonia. David Kaunda, bambo wa pulezidenti woyamba wa Zambia, adatumidwa ku Chinsali ndi mishoni yomweyi. Phiri limeneli lakhala likuphunzitsa ana n'kuwapereka kwa ena kwa zaka zoposa 120.

Inu mukamva kuti ku Rumphi anthu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga mumati basi, amenewo adatsogola. Kodi satifiketi imadyedwa? Mtsikana amene adakhoza MSCE koma akugulitsa mandazi pageti la yunivesite imene makolo ake sangakwanitse kumulipirira, mumulemba mbali iti? Maphunziro opanda ntchito pafupi ndi tikiti yochokera pamudzi. Amene amatsala ndi okalamba, ana ndi amayi, ndipo ndiwo mabanja amene mukuti ali bwinowo.

Maganizo akuti a kumpoto adaphunzira kale ndiye adikire adatipweteka kale. Ndiwo adabala kota posankha ophunzira opita ku yunivesite, imene idathetsedwa mu 2020 itavulaza ana ambiri okhoza bwino. Ndiwo adachititsa kuti mu 1989 aphunzitsi alamulidwe kubwerera kuzigawo za kwawo. Lero maganizo omwewo savala chipewa cha chipani. Abisala m'matebulo a manambala, ndipo palibe amene amawatsutsa chifukwa amaoneka ngati sayansi.

Tikambe za malasha. Pansi pa mapiri amenewa pali malasha amene akhala akukumbidwa kwa zaka zambiri ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi. Magalimoto akuluakulu amawanyamula kupita nawo kumafakitale a kummwera ndi pakati. Msonkho wa migodi umapita kuthumba lalikulu la boma ku Lilongwe. Kodi ndi ndalama zingati mwa zimenezo zimene zidabwerera kudzamanga mlatho, mjigo kapena chipinda chophunzirira m'midzi imene malashawo amachokera? Dziko lino lidalowa m'ndondomeko ya EITI mu 2015, yoti ndalama za migodi zizilengezedwa poyera. Malipoti amatuluka, m'Chingerezi, pa intaneti. Mayi wa ku Phoka amene amayankhula Chitumbuka, foni yake ndi yamabatani, awapeza bwanji? Kulengeza kumene mwini dera sangakumve si kulengeza.

Mwamuna amene amalowa mumgodi m'mawa n'kutuluka madzulo ali bii, m'buku lanu ndi munthu wapantchito. Simulemba kuti mapapo ake adzakhala otani akadzafika zaka 50, ndiponso kuti adzamusamala ndani.

Khofi nayenso amatsika phiri lomweli. Alimi a ku Phoka ali m'gulu la makopaletivi amene amapanga Mzuzu Coffee, khofi amene amamwedwa m'mahotela a ku Lilongwe ndi kunja kwa dziko lino. Koma mtengo wa khofi umatenga zaka zitatu usanayambe kubereka, ndipo ndalama yake imabwera nyengo imodzi pachaka. Fizi ya mwana, matenda ndi maliro sizidikira nyengo yokolola. Pakati pamenepo banja limathamangira ku banki mkhonde, ndipo zikavuta kwambiri kwa wakatapila. Pofika tsiku lolandira, theka la ndalama lili ndi eni ake kale. Wofufuza akafika pakhomo sabata imene ndalama ya khofi yangolowa, apeza ndiwo zankhuli. Abwerenso mu Januwale.

Onjezani kukwera kwa mitengo. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza wotsika mtengo limene mlimi ankagula K4,495 mu 2020 lidafika K15,000 patangotha zaka ziwiri, kwa amene dzina lake lidatuluka. Amene dzina silidatuluke amakumana ndi mtengo wa kusitolo. Kuphiri mitengo yonseyi imakwera kawiri, chifukwa chilichonse chimene chafika pamwamba chalipira ulendo. Simenti, malata, mchere, feteleza, zonse. Nthochi ndi mbatata zimene zikutsika zimagulidwa motchipa pa chifukwa chomwecho: wogula amachotseratu mtengo wa mayendedwe. Banja la kuphiri limagula modula n'kugulitsa motchipa. Kodi nambala ya mu 2019 ikunenapo chiyani pa zimenezi lero?

Wina anena kuti msewu adapatsidwa. Inde, msewu wochokera ku Njakwa udaikidwa phula, ndipo wasintha zinthu. Adaudikira zaka zambirimbiri. Koma njira yachidule yotsikira kunyanja ndi ku M1 ndi Gorodi, makilomita pafupifupi 15 kuchokera ku Chitimba, okhotakhota malo pafupifupi 20, imene amishoni adasema m'phiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mpaka lero ndi njira yoti woyendetsa galimoto amayamba wapemphera, makamaka nthawi ya dzinja. Wodwala wa kunyanja wopita kuchipatala cha pamwamba amadutsa momwemo. Mlendo wofuna kukaona mathithi a Manchewe amadutsa momwemo, kapena amabwerera pa Chitimba ndi ndalama zake m'thumba.

Pa nkhani ya magetsi ndiye mtima umandiwawa. Amishoni adatchera madzi a ku Manchewe n'kuyatsa magetsi ku Livingstonia mu 1905. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 ndiwo amaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi n'ngochepa kwambiri kuposa pamenepo. Mwana wa m'mudzi woyandikana ndi malo amene getsi lidayaka zaka 120 zapitazo akuwerengera tochi ya mabatire. Mukayang'ana mapu anu mumaona kuti Livingstonia ali ndi magetsi, n'kuchonga. Ali ndi magetsi ndi ndani?

Ndikudziwa yankho lanu loyamba. Muti ndalama za boma n'zochepa, ndipo kuli madera ngati Nsanje, Chikwawa ndi Machinga kumene umphawi uli poyera, kumene madzi osefukira amakokolola midzi yathunthu. Zoona. Sindikupempha kuti mulande mwana wa ku Nsanje phala kuti mupatse wa ku Khondowe. Ndikuti muyese umphawi pamene uli, mudzi ndi mudzi, kuti wosauka wa ku Phoka asalangidwe chifukwa chokhala moyandikana ndi mphunzitsi wa ku yunivesite. Njala ya mwana sichepa chifukwa chakuti boma la kwawo lidakhoza pa tebulo la manambala. Ndipo dera limene likupereka malasha, khofi ndi ana ophunzira kudziko lonse silikupempha chifundo. Likufunsa gawo lake.

Yankho lanu lachiwiri ndi lija mumathawirako nthawi zonse: mukuyambitsa tsankho la zigawo. Ayi. Vuto limeneli limagwera dera lililonse la anthu ochepa, lamapiri kapena lakutali. Ndalama zopita kumakhonsolo zikamagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu ndi nambala ya umphawi ya boma lonse, boma la anthu ochepa ndi nambala yooneka bwino limalandira zochepa mbali zonse ziwiri. Koma kumanga kilomita imodzi ya msewu paphiri n'kodula kuposa kumanga pachidikha. Kukoka mawaya a magetsi kufika m'midzi yomwazikana m'zitunda n'kodula. Wa ku Neno akudziwa zimenezi. Wa ku Misuku ndi wa pachilumba cha Likoma akudziwanso. Kunena zimenezi si tsankho. Tsankho ndi kudziwa kuti muyeso wanu ukupondereza ena koma n'kupitiriza kuugwiritsa ntchito chifukwa opondedwawo mavoti awo ndi ochepa.

Pali yankho lachitatu limene simulinena mokweza: kumeneko kuli mpingo, Sinodi iwasamala. Boma lakhala likutsamira mpingo ku Livingstonia kuyambira nthawi ya atsamunda. Mpingo udamanga sukulu, chipatala, msewu, mipopi ya madzi. Koma mpingo sutolera msonkho. Chipatala cha mishoni chiyenera kulipiritsa kuti chipeze mankhwala, kupatula chithandizo chimene boma lidagwirizana nacho kuti lizilipira, ndipo n'chosadabwitsa. Zotsatira zake n'zakuti banja la ku Khondowe limatulutsa ndalama pa matenda amene banja lokhala pafupi ndi chipatala cha boma limachiritsidwa kwaulere, kapena limalipira galimoto kupita ku Rumphi Boma. Choipitsitsa n'chakuti ndalama imene banjalo lawononga pogula mankhwala imatha kulowa m'kaundula ngati umboni wakuti lili ndi ndalama zogwiritsa ntchito. Lagulitsa mbuzi kuti mwana achire, inu mwalikweza pamndandanda.

Musaiwalenso kuti midzi ina ya m'mbali mwa Nyika idataya malo pamene malo osungirako nyama adakulitsidwa mu 1978. Anthu adasamutsidwa, dziko lonse lidapindula ndi nkhalango ndi madzi ochokera kumeneko, alendo amabwera kudzaona mbidzi ndi maluwa. Adzukulu a osamutsidwawo akulima timinda topanikizana m'mitsetse. Mbiri imeneyi m'tebulo lanu mulibe.

Mtukula Pakhomo, kuyambira pamene adayamba ku Mchinji mu 2006, adakonzedwa kuti afikire mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndi ndondomeko yabwino. Koma banja la mnyamata wamphamvu zake, wophunzira, wopanda ntchito, wokhala ndi kamunda kosakwana ekala paphiri, siligwera m'menemo. Silili pamndandanda wa osaukitsitsa, silili pamndandanda wa olandira malipiro. Mabanja otere aliponso kumeneko, ndipo boma silikuwaona n'komwe.

Tsono chofunika n'chiyani? Choyamba, tulutsani zimene muli nazo kale. Kalembera wa mu 2018 adafika nyumba iliyonse. Adafunsa za denga, za madzi akumwa, za chounikira, za chimbudzi, za ntchito ya mutu wa banja. Zonsezo zili m'makompyuta ku Zomba, ndipo luso lozigawa mpaka pa dera la mfumu imodzi lilipo. Khonsolo ya Rumphi izilandire m'njira yoti khansala ndi nyakwawa azimve, zimasuliridwe m'Chitumbuka, zimatidwe pa bolodi ku Khondowe, ku Lura ndi ku Chitimba. Anthu aone okha mmene boma lawalembera, atsutse pamene palakwika.

Chachiwiri, pogawa ndalama lekanitsani mabanja odalira malipiro a ku mishoni, mabanja odalira ndalama zotumizidwa ndi ana, ndi mabanja odalira khasu lokha. Muike pa muyeso mtengo wa mayendedwe ndi kutalika kwa ulendo wopita kuchipatala chaulere.

Ndipo phungu wa deralo, makhansala ndi mafumu asiye kuombera m'manja alendo a ku Lilongwe amene amabwera pa galimoto zamphamvu, n'kujambulitsa pa Stone House, n'kutsika dzuwa lisanalowe. Awafunse mafunso awiri pamaso pa anthu: chaka chatha malasha a kuno adalowetsa ndalama zingati m'thumba la boma, ndipo zidabwerera zingati? Asawalole kukwera galimoto asanayankhe, ndipo yankholo lilembedwe m'mabuku a khonsolo.

Kalembera wina akuyembekezeka mu 2028. Mafunso ake ndi kagawidwe ka zotsatira zake zikonzedwa chaka chimenechi chisanakwane, m'maofesi omwewo, ndi anthu omwewo. Sinodi ya Livingstonia, imene sichita mantha kudzudzula boma pa nkhani zina, ipemphe mpando pa tebulo limenelo tsopano, pamodzi ndi makopaletivi a khofi ndi oimira anthu ogwira ntchito m'migodi.